Yesu ndi Kanthu Kena Kapadera: Za Kukwanira kwa Khristu pa Moyo Wonse

Mukafunsa Mkhristu aliyense wa m'boma la Mangochi, kaya ndi wa ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Makanjira kapena pa Boma penipeni, ngati Yesu Khristu ndi wokwanira, adzavomera mosazengereza, ndipo mwina adzadabwa kuti funso lotere likuchokera kuti. Timayimba zimenezi Lamulungu lililonse, timazilemba kumbuyo kwa maminibasi ndi pa zitseko za magolosale. Komabe chimene munthu amakhulupirira sichioneka bwino ali pa benchi ya m'tchalitchi. Chimaoneka mwana akatentha thupi pakati pa usiku, ukonde ukabwera wopanda kanthu sabata yathunthu pamene wa mnzake ukusefukira, kapena mwamuna amene anapita ku Johannesburg akasiya kuyimba foni. Pa nthawi zoterezi ambiri a ife sitimutaya Yesu, timangomufunira womuthandiza. Choncho nkhani iyi ikukhudza ife opemphera, amene mumtima timafuna Yesu ndi kanthu kena kapadera.

Chiphunzitso cha kukwanira kwa Khristu chimanena kuti zonse zimene munthu akusowa kuti ayanjane ndi Mulungu, kuti akhale moyo womukondweretsa, kuti asaope mphamvu za mdima ndiponso kuti ayang'anizane ndi imfa, zapatsidwa kale mwa Khristu, ndipo palibe munthu, mwambo, mankhwala kapena ntchito yabwino imene ingatseke pamene Iye waperewera, chifukwa palibe pamene waperewera. Mawu amenewa ndi osavuta kuwanena, koma anthu amawaphonya mbali ziwiri. Ena amawavomera pakamwa n'kumawonjezera zinthu kuseri. Ena amawatenga ngati chilolezo chotayira khasu, mankhwala a kuchipatala ndi nzeru zomwe. Kuti tione chimene chalakwika mbali zonsezi, tiyenera kuyambira pamene Baibulo lalankhula momveka kwambiri, m'kalata ya Paulo yopita kwa Akolose.

Kolose unali mzinda waung'ono wa m'chigwa cha mtsinje wa Lycus, m'dziko limene lero ndi Turkey, moyandikana ndi Laodikeya ndi Hierapoli. Amene anafikitsa Uthenga Wabwino kumeneko ndi Epafra, mwana wa kwawo komweko, ndipo Paulo analemba kalatayi ali m'ndende. Aphunzitsi amene ankasokoneza mpingowo sankauza anthu kuti asiye Khristu. Ankawauza kuti awonjezere: malamulo a zakudya ndi zakumwa, kusunga masiku a zikondwerero ndi a mwezi watsopano, kuzunza thupi, kupembedza angelo ndi kudalira masomphenya. Malamulo awo anali akuti usagwire ichi, usalawe icho, usakhudze chakuti. Paulo anavomereza kuti zinthu zoterezi zimaoneka ngati nzeru ndiponso ngati kudzichepetsa, koma anati zilibe mphamvu yoletsa zilakolako za thupi.

Chochititsa chidwi ndi njira imene anayankhira. Sanayambe ndi kutsutsa mwambo uliwonse paokha. Anayamba ndi kuonetsa kukula kwa Khristu. M'mutu woyamba akuti Iye ndi chifaniziro cha Mulungu wosaonekayo, kuti zinthu zonse zinalengedwa mwa Iye, zooneka ndi zosaoneka, kuphatikizapo mipando yachifumu, maufumu ndi maulamuliro, ndipo zonse zimagwirizana mwa Iye. M'mutu wachiwiri, ndime 9 ndi 10, akuti Umulungu wonse wathunthu ukhala mwa Iye m'thupi, ndipo okhulupirira adzazidwa mwa Iye. Mfundo yake ndi yakuti munthu amawonjezera kanthu pa Khristu pokhapokha ngati Khristu wa m'maganizo mwake ndi wamng'ono. Ngati mizimu imene Akolose ankaiopa inalengedwa ndi Iye, palibe chifukwa choti wokhala mwa Mlengi azikapepesa kwa cholengedwa.

Apa tikuona kuti kukwanira kwa Khristu kwatsamira pa funso lakuti Iye ndi yani, ndipo mkangano waukulu pa funsoli unayambira mu Africa muno. Arius, wansembe wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, ankaphunzitsa kuti Mwana ndi cholengedwa, chachikulu kuposa zonse koma cholengedwa ndithu. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea mu 325 unakana zimenezi, ndipo Athanasius, wa ku Alexandria komweko, anathera moyo wake akuteteza chigamulocho, mpaka kupirikitsidwa pa mpando wake kangapo. Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali chakuti cholengedwa sichingayanjanitse zolengedwa zinzake ndi Mulungu. Msonkhano wa ku Chalcedon mu 451 unatsindika mbali inayo pamodzi ndi iyi, kuti Khristu ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni. Pokhala Mulungu ali ndi mphamvu yopulumutsa, pokhala munthu akutha kutiimira, ndipo akudziwa njala, kutopa ndi maliro, chifukwa analira pa manda a Lazaro ndipo anagona tulo ta munthu wotopa m'ngalawa namondwe akuwomba.

Pa zimene anachita, kalata ya kwa Ahebri ndi imene yafotokoza mozama. Ansembe a m'Chipangano Chakale ankaimirira tsiku ndi tsiku kupereka nsembe zomwezomwezo, zimene sizinkatha kuchotsa machimo, koma Khristu atapereka nsembe imodzi yokha anakhala pansi kudzanja lamanja la Mulungu. Wansembe amakhala pansi ntchito ikatha, ndipo pa mtanda Yesu mwini anati, "Kwatha." Paulo akuwauza Akolose kuti kalata ya ngongole imene inkatitsutsa inafafanizidwa ndi kukhomedwa pa mtanda. Katekisimu ya Heidelberg ya mu 1563, imene ena a m'mipingo ya Chipresibiteriya anaiphunzira m'kalasi, ikuika nkhaniyi pa mphambano m'funso lake la 30: mwina Yesu si Mpulumutsi wathunthu, kapena onse omulandira ndi chikhulupiriro choona ali nazo mwa Iye zonse zofunika pa chipulumutso chawo. Njira yachitatu palibe.

Ndi zoona kuti Akatolika ndi Achiprotestanti akhala akusiyana kuyambira m'masiku a Martin Luther pa malo a oyera mtima, masakramenti ndi ntchito zabwino, ndipo kusiyanako sikunathe. Koma chilungamo chikufuna kuti tinene kuti Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, wa pakati pa 1962 ndi 1965, unaphunzitsa kuti udindo wa Maria suchotsa kapena kuwonjezera kanthu pa Khristu, Mkhalapakati mmodzi yekha, ndipo mu 1999 ku Augsburg Akatolika ndi Alutherani anasaina chikalata chovomereza pamodzi kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo. Kwa ife a kuno, mpikisano weniweni wa Khristu sukuchokera ku mikangano ya ku Ulaya. Ukuchokera ku mantha.

Pitani pa doko madzulo dzuwa likupendeka, pamene alovi, anyamata ogwira ntchito yausodzi, akupukuta nyale ndi kulongedza ukonde wa chilimira m'boti. Mwini zipangizo, amene mwina ndi mkulu wa mpingo, aitana anyamata ake, avula chipewa, napemphera kuti Mulungu awasunge ku mwera ndi kuwapatsa usipa. Pemphero lake ndi lochokera pansi pa mtima. Koma kutsogolo kwa boti, pansi pa thabwa pamene diso silifika msanga, pali kachithumwa kosokedwa m'kansalu kakuda, ndipo ukondewo unasambitsidwa mankhwala usiku usanalowe m'madzi koyamba. Mukamufunsa mwaulemu, yankho limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti, "Abusa, kupemphera timapemphera, koma anthu ndi oipa, munthu sungangokhala chabe." Chimodzimodzi mayi wa m'chigwirizano amene amatsogolera nyimbo, koma khanda lake lili ndi kachingwe m'chiuno kamene apongozi anamanga, ndi bambo amene anatsirika nyumba yake yatsopano abusa asanabwere kudzaidalitsa.

Anthu amenewa sitiyenera kuwaseka, ndipo kuwatchula achikunja sikuthandiza kanthu. Maganizo awo ali ndi mizu yake. Makolo athu ankamudziwa Mulungu, Chauta, Namalenga, koma ankamuona ngati wokhala kutali, woyenera kufikiridwa pa zinthu zazikulu monga chilala, pamene za tsiku ndi tsiku zinali m'manja mwa mizimu, asing'anga ndi mankhwala. Uthenga Wabwino utafika, kawirikawiri unayankha bwino funso la machimo ndi la kumwamba, koma funso la ufiti, la maloto oipa ndi la nsanje ya achibale unalidumpha, nthawi zina pongonena kuti zimenezo kulibe. Munthu amene akuopa sasiya kuopa chifukwa wauzidwa kuti chimene akuopacho kulibe. Motero anthu anagawa ntchito: Yesu wa Lamulungu ndi wa tsiku la imfa, sing'anga wa Lolemba mpaka Loweruka. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wothawira uku ndi uku sapeza mtendere kulikonse, chifukwa chithumwa chili ndi zoletsa zake, chimafuna kutsitsimutsidwa, ndipo nthawi zonse pamakhala nkhawa yakuti wina ali ndi champhamvu kuposa chako.

Chipangano Chatsopano sichinena kuti mphamvu za mdima kulibe. Chimanena kuti zinagonjetsedwa. Pa Akolose 2:15 Paulo akuti Khristu anavula zida maufumu ndi maulamuliro, nawachititsa manyazi poyera. Ku Efeso, mzinda wotchuka ndi zamatsenga, anthu amene anali atakhulupirira kale anabwera kudzaulula zimene ankachita, ndipo amatsenga ambiri anatentha mabuku awo pamaso pa onse. Machitidwe 19 akuti mtengo wake unakwana ndalama zasiliva 50,000. Tione kuti oululawo anali okhulupirira kale, kutanthauza kuti kusunga zakale kuseri si vuto la ku Mangochi kokha, ndipo mankhwala ake kuyambira kale ndi kuona kuti dzina la Yesu ndi lalikulu kuposa chimene ukuopacho. Mbusa amene akufuna kuti mlovi achotse chithumwa ayenera kukhala naye pansi, kumva chimene akuopa, kuchitchula dzina, ndi kupemphera naye za chimenecho. Kungomuimitsa pa Mgonero kumangomuphunzitsa kubisa bwino.

Pano pakufunika kusamala, chifukwa si chilichonse chochokera kutchire chimene chili chotsutsana ndi Khristu. Muzu umene agogo amawiritsa pochiza m'mimba ndi chinthu cholengedwa ndi Mulungu, ndipo funso lake ndi lakuti kodi umachizadi ndipo suwononga thupi, monga timafunsira za mankhwala ena alionse. Zimasintha pamene chinthu chikuyembekezeredwa kugwira ntchito kudzera mwa mizimu, kubweza matsoka kwa munthu wina, kukopa mwayi kapena kuulula zobisika mwa kuombeza. Tiyi wa masamba amagwira ntchito m'thupi mwa amene wamwa. Kachikwama kokwiriridwa pakhomo sikakhudza thupi la aliyense, ndipo amene wakakwirira akuyembekezera chitetezo chimene ndi Mulungu yekha angapereke.

Zowonjezera zina sizichokera kwa sing'anga, zimachokera kuguwa, ndipo izi ndi zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa zimavala dzina la Yesu. Masiku ano kuli madzi odzozedwa a m'mabotolo, mafuta, zomata pa chitseko ndi zibangili zokhala ndi nkhope ya mneneri, ndipo anthu osauka amauzidwa kuti abzale mbewu ya ndalama kuti mavuto awo athe. Mayi wogulitsa zitumbuwa amapereka mpamba wake wonse kuti akaonane ndi munthu wa Mulungu payekha. Otsatira zimenezi amaloza ku Machitidwe 19, kumene nsalu zokhudza thupi la Paulo zinkachiritsa odwala, ndi ku Yakobo 5, kumene akulu a mpingo akuuzidwa kudzoza wodwala mafuta. Ndime zimenezi zilipodi. Koma Paulo sanagulitse nsalu, ndipo Yakobo akunena momveka kuti chopulumutsa wodwala ndi pemphero la chikhulupiriro, Ambuye ndiye amene amamudzutsa. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo. Ngati Mkhristu akuopa kugona chifukwa botolo la mafuta latha, kapena akuganiza kuti pemphero lake silifika kumwamba popanda kudzera mwa munthu wakutiwakuti, ndiye kuti wabwerera kumene anachokera, wangosintha sing'anga. Kalata yoyamba ya kwa Timoteo ikuti Mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi, ndipo Ahebri akuuzidwa kuyandikira mpando wachifumu wachisomo molimba mtima, aliyense payekha.

Mbali inayo ya kuphonya ndi yoopsa mofanana, ndipo yaika anthu m'manda. Pali ophunzitsa kuti popeza Khristu ndi wokwanira, kumwa mankhwala ndi kusakhulupirira. Anthu asiya ma ARV atauzidwa kuti achira, ena akana kutengera ana kuchipatala, ndipo pa nthawi ya kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri m'boma lino, kuchedwa kwa maola ochepa kunali kusiyana kwa moyo ndi imfa. Chiphunzitso chotere sichichokera m'Baibulo. M'kalata yomweyi ya kwa Akolose, Paulo akupereka moni wa Luka, amene akumutchula dokotala wokondedwa. Timoteo anamulangiza kuti asamangomwa madzi okha koma agwiritseko ntchito vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba mwake ndi kudwaladwala kwake. Atesalonika amene anasiya ntchito anauzidwa kuti wosafuna kugwira ntchito asadye. Ndipo Yesu, pamene Satana anamuuza kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi podalira lonjezo la Mulungu, anayankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako.

Kusiyana kuli pakati pa njira zimene Mulungu amagwiritsa ntchito ndi zinthu zimene zimalanda malo ake. Dokotala, feteleza, sukulu, ukonde wabwino ndi neti yoteteza udzudzu ndi mphatso za m'chilengedwe chimene Khristu analenga ndipo akuchigwiriziza, choncho wozilandira moyamika sanachoke m'manja mwake. Amene amapempha chakudya chalero n'kupita kumunda sakutsutsa pemphero lake. Amishonale oyamba m'dera lino ankazidziwa zimenezi. Gulu la Livingstonia litafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala, linali ndi Robert Laws, amene anali mbusa ndiponso dokotala, ndipo mpaka lero chipatala cha St Martin's ku Malindi chikuchitira umboni kuti mpingo unaona kuchiza odwala ngati gawo la ntchito ya Khristu. Funso loyenera kudzifunsa pa chinthu chilichonse ndi lakuti kodi ndingathe kuchilandira poyera, kuthokoza Mulungu chifukwa cha icho pamaso pa mpingo, ndi kukhalabe mu mtendere ngati chitalephera. Panado amapambana mayeso amenewa. Chithumwa chimalephera pa funso loyamba lomwe, chifukwa chimakonda mdima.

Tsopano tifike povuta penipeni. Ngati Khristu ndi wokwanira, n'chifukwa chiyani wokhulupirira amagona ndi njala, amafedwa, amataya nyumba ndi madzi osefukira monga zinachitikira m'chigawo cha kummwera pa namondwe wa Freddy mu 2023? Ndime imene imatchulidwa kwambiri, Afilipi 4:13, yakuti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu, anthu amaiwerenga ngati lonjezo lakuti adzakhoza mayeso, adzapeza ntchito ndipo bizinesi idzayenda. Koma werengani ndime ziwiri zam'mbuyo mwake. Paulo, ali m'ndende, akunena kuti waphunzira kukhutira m'zonse, kukhuta ndi kumva njala, kukhala nazo zochuluka ndi kusowa. Zonse zimene akuti angazikhoze zikuphatikizapo kugona ndi njala osataya Mulungu. Pa 2 Akorinto 12 akusimba za minga ya m'thupi mwake imene anapempha katatu kuti ichotsedwe, ndipo yankho linali lakuti, "Chisomo changa chikukwanira." Mingayo sinachotsedwe. Paulo yemweyo, amene Mulungu anachiritsa anthu kudzera mwa iye, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto.

Izi zikutanthauza kuti kukwanira kwa Khristu si lonjezo lakuti adzatipatsa chilichonse chimene tapempha. Ndi lonjezo lakuti Iye mwini sadzachotsedwa kwa ife, ndipo chimene tili nacho mwa Iye, kukhululukidwa, kukhala ana a Mulungu, Mzimu Woyera ndi kuuka kwa akufa, sichingamizidwe ndi madzi kapena kutsika mphamvu monga inatsikira kwacha mu 2023. Ena adzati awa ndi mawu otonthoza osauka kuti asadandaule. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma Baibulo sililetsa kudandaula. Masalimo adzaza ndi kulira, ndipo Yesu mwini analira mofuula pa mtanda. Chimene chiphunzitsochi chimachotsa ndi ganizo lakuti tsoka ndi umboni woti Mulungu wakutaya kapena woti chikhulupiriro chako n'chochepa, ganizo limene limathamangitsira anthu kwa sing'anga ndi kwa ogulitsa madalitso. Ku Cape Maclear kuli manda a amishonale amene anafa ndi malungo, ndipo pofika mu 1881, pamene mishoni inasamukira ku Bandawe, wobatizidwa anali mmodzi, Albert Namalambe. Ansembe Achikatolika a gulu la White Fathers amene anafika kwa Mponda mu 1889 anachoka mu 1891 osasiya mpingo. Woyesa ndi muyeso wa phindu looneka akanati Khristu anawalephera anthu amenewa, koma mipingo imene tikupempheramo lero inamera m'nthaka yomweyo.

Palinso chinthu chimene okonda chiphunzitsochi amaiwala, chakuti Khristu wokwanirayo ndi mutu wa thupi, ndipo thupilo ndi mpingo. Kawirikawiri thandizo lake limafika kudzera m'manja mwa abale. Taganizani za mayi wamasiye amene amagula usipa pa doko kuti akayanike pa thandala ndi kukagulitsa ku Limbe. Nsomba zikachepa, ogula amachuluka, ndipo si chinsinsi kuti ena mwa asodzi amafuna thupi la mayi kuti amugulitse nsomba. Kumuuza mayi ameneyu kuti Yesu ndi wokwanira, n'kutembenuka kupita kwanu, ndi chimodzimodzi chimene Yakobo anadzudzula, kuuza wamaliseche ndi wanjala kuti pita mu mtendere, ukafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu. Mawuwo amakhala oona m'kamwa mwa mpingo umene amayi ake aikapo ndalama kuti mnzawo akhale ndi mpamba, umene madikoni ake akudziwa nyumba imene yagona ndi njala, ndipo akulu ake ali ndi mtima wodzudzula msodzi wa mu mpingo womwewo amene akuchita zimenezi.

M'boma lino Akhristu timakhala pakati pa abale athu Asilamu, amene ndi ambiri, ndipo m'mabanja ochuluka muli zipembedzo zonse ziwiri. Timakumana pa maliro, pa msika ndi pa chitsime. Asilamu amalemekeza Yesu, amene amamutchula Isa mwana wa Mariyamu, ngati mneneri wobadwa mwa namwali, koma savomereza kuti ndi Mwana wa Mulungu kapena kuti anafa pa mtanda. Kusiyana kumeneku ndi kwenikweni, ndipo kunamizira kuti kulibe ndi kusalemekeza mbali zonse ziwiri, chifukwa chiphunzitso chonse chimene tafotokozachi chaima pa mfundo ziwiri zomwezo. Koma Mkhristu amene wakhazikika mwa Khristu alibe chifukwa cholankhulira mwachipongwe kapena kuopa mnansi wake. Petro akuti tikhale okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu. Ndipo tizidziwa kuti anansi athu amaona. Akaona Mkhristu akutuluka m'nyumba ya woombeza m'bandakucha, ulaliki wa pa msika masana ake sumvekanso.

Mawu akuti moyo wonse akufikanso pa ndowa yoyezera usipa. Kalata ya kwa Akolose, itatha kukweza Khristu pamwamba pa zonse, imatsikira ku nkhani za mabodza, mkwiyo, mabanja ndi ntchito, nkunena kuti chilichonse mukuchita, m'mawu kapena m'ntchito, chitani m'dzina la Ambuye Yesu. Wogulitsa amene amaponda pansi pa ndowa kuti ilowe mkati, msodzi amene amakokolola tiana ta chambo ndi neti ya udzudzu kapena kulowa m'madzi nyengo yotseka nyanja, kalaliki amene amafuna kangachepe asanadinde chikalata, onsewa pansi pa mtima akunena chinthu chimodzi, kuti ndikachita chilungamo sindidya. Uku ndi kuwonjezera komwe kuja, kungoti chithumwa chake ndi chinyengo. Sindikupeputsa umphawi umene umakankhira anthu kumeneko, ndipo kuona mtima kumatayitsadi ndalama nthawi zina. Komabe chambo chimene chachepa m'nyanja ya Malombe chikutionetsa kuti njira ya mantha nayonso ili ndi mtengo wake, ndipo olipira ndi ana athu.

Pamene chiphunzitsochi chimayesedwa koposa ndi pa maliro. Munthu akamwalira mwadzidzidzi, makamaka wachinyamata, funso lakuti wafa ndi chiyani limasanduka msanga lakuti wapha ndani, ndipo chala chimaloza kwa gogo wosauka amene alibe womuteteza. M'dziko muno okalamba amenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa chifukwa cha zimenezi, ngakhale kuti lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Pakati pa oponya miyala pamakhala obatizidwa. Koma m'buku la Chivumbulutso Khristu wouka kwa akufa akuti makiyi a imfa ndi a dziko la akufa ali m'manja mwake, ndipo kwa Aroma Paulo akuti ngakhale imfa, ngakhale moyo, ngakhale angelo, ngakhale maufumu sizingatilekanitse ndi chikondi cha Mulungu. Ngati zili choncho, moyo wa wokhulupirira sunakhalepo m'manja mwa mfiti, ndipo banja lofedwa silifunika kupeza wolakwa kuti mtima ukhale pansi. Likhoza kulira, likhoza kufunsa achipatala chimene chinachitika, ndipo ngati pali umboni wa chiwembu likhoza kupita kupolisi, popanda kuitana woombeza. Mkulu wa mpingo amene akuyendetsa mwambo pa siwa, akamva manong'onong'o akuyamba kuseri kwa nyumba, udindo wake ndi kupita kukakhala pafupi ndi gogo amene akunenedwayo, anthu onse akuona, ndi kuuza anamfedwa ndi a mfumu momveka kuti mpingo sulola kuti munthu ameneyu akhudzidwe.